Gulu lolangiza khonsolo pa kamangidwe ka mzinda: limatani kwenikweni, nanga muno mu Harare lingaphule kanthu?

Ikangobuka nkhani ya nyumba zogwetsedwa, kapena ya sitolo yayikulu yomwe yamera pa dambo pomwe chaka chatha pankalira achule, funso lomwe timafunsana mu kombi limakhala lomwelija, kodi panalibe ndi mmodzi yemwe wowauza a khonsolo kuti apa ayi? Pena amakhalapo ndithu, injiniya kapena wa mapulani wina amalemba maganizo ake, koma pepalalo likalowa mu fayelo ife a kunja sitidziwanso kuti analembamo chani. Mizinda ina inapeza njira yoti malangizo otere asamafere mu kabati, inakhazikitsa gulu la akatswiri ochokera kunja kwa khonsolo kuti lizilangiza pa kamangidwe ka mzinda. Ndiye ndati ndifotokozeko bwinobwino kuti gulu lotere limatani, silitani, pomwe lingatithandize muno ndi pomwe lingangokhala chokongoletsera basi.

Tiyambe ndi mmene zinthu zimayendera panopa, poti ambiri timangoti khonsolo khonsolo ngati ndi munthu mmodzi. Ku Town House, pa Julius Nyerere Way paja, ndi komwe kumakumana meya ndi makhansala omwe timawavotera mmawadi mwathu, koma pulani ya nyumba siyambira kumeneko, imayambira ku Cleveland House mu Leopold Takawira komwe kuli a mapulani ndi mainjiniya a khonsolo. Lamulo lomwe amayendera ndi Regional, Town and Country Planning Act la 1976, inde la nthawi ya Smith, lakhala likusinthidwa apa ndi apo koma msana wake ndi womwewo. Lamuloli limati mzinda ukhale ndi master plan, ndiye kuti pulani yayikulu yonena kuti uku ndi kwa nyumba, uku kwa mafakitale, apa pasakhudzidwe, misewu ikuluikulu idzadutsa umu, ndipo imeneyi amaivomereza ndi nduna. Pansi pake pamabwera ma local plan omwe amalowa mkati mwa dera limodzi kunena kuti sitandi ikule bwanji, nyumba italike kufika pati, ichoke pamsewu mamita angati. Kenako pali Model Building By-laws a 1977 onena za maziko, makoma, mawindo, zimbudzi ndi zina zotero. Ukafuna kumanga umapereka pulani, umalipira, amaiyang'ana ngati ikugwirizana ndi zonsezi, akakhutira amadinda. Akakukana ndipo iwe sukugwirizana nazo, njira yako ndi ya ku Administrative Court.

Tsono apa ndi pomwe pali mpata. Nyumba itha kukwaniritsa malamulo onsewa, osaphonya ndi limodzi lomwe, koma nkukhala chilango kwa munthu wodutsa panja pake. Tangoganizani sitolo yayikulu yomwe yalozetsa khoma lopanda windo kumsewu, khomo lolowera lili kuseri komwe kuli poimika magalimoto, wobwera wapansi azungulire durawall yonse dzuwa likuswa mtengo, madzi a padenga akukhuthukira pomwe anthu amaponda, masitepe ali pakhomo pomwe ndipo wa njinga ya aulumali achite kunyamulidwa. Wa ku ofesi akayeza ndi tepi zonse zili bwino, chifukwa lamulo limayeza nyumbayo payokha, pomwe kamangidwe ka mzinda kamayang'ana malo otsala pakati pa nyumba ndi nyumba, msewu, mthunzi, poima, pokhala, podutsa madzi. Mukafuna kumvetsa zimenezi dzayendeni mu Robert Mugabe Road nthawi ya mvula, nyumba zakale zija zili ndi makonde otulukira pamwamba pa njira ya oyenda pansi moti umayenda mtunda ndithu osanyowa, kenako ufike pa nyumba yatsopano yagalasi yopanda khonde uone mmene ungathamangire. Kapena Eastgate ija, yomwe anajambula Mick Pearce ndipo inatsegulidwa mu 1996, anatengera nzeru ya chulu cha chiswe kuti mphepo izizungulira yokha mkati, ndipo pakati pake anasiya njira yoti anthu azidutsa. Palibe lamulo lomwe linamukakamiza kutero. Funso la gulu la alangizi ndi loti, nanga zabwino zotere tizingodikira kuti zizichitika mwamwayi?

Zinthuzi sizatsopano ayi. Ku Seattle ku America gulu lawo linayamba mu 1968 ndipo kwenikweni limayang'ana zomwe mzinda weniweniwo ukumanga ndi ndalama za anthu. Ku Vancouver ku Canada linayamba mzaka za mma 1970 ndipo lilipobe, muli ojambula mapulani a nyumba, okonza mapaki ndi malo obiriwira, mainjiniya ndi a makampani omanga. Ku Auckland anayamba mu 2003, ku England kunali bungwe lolangiza za kamangidwe la CABE kuyambira 1999 lomwe mu 2011 linalowa mu Design Council. Amasiyana apa ndi apo koma kachitidwe kake nkofanana.

Zimakhala chonchi. Womanga amabwera ndi zojambula zake zisanathe, ndipo ichi ndi chofunika kwambiri, zisanathe, nthawi yomwe kusuntha khomo ndi nkhani ya kufufuta pa pepala osati kugumula konkire. Wa mapulani wa khonsolo amayamba kufotokoza malowo ndi malamulo ake, wojambula amafotokoza chomwe akufuna kuchita, kenako a gululo amayamba mafunso. Ndipo mafunso ake si a sukulu ayi, ndi omwe agogo anu angafunse atapatsidwa mpata. Masana mthunzi wa nyumbayi ugwera pa ndani? Madzi a padenga ndi a pamalo oimika magalimoto apita kuti, ngalande ya kumunsiko ikwanitsa? Wotsika kombi alowera pati? Lole yobweretsa katundu ndi yotenga zinyalala iziima pati, kapena izitseka msewu? Mayi akudutsa apa yekha 8 koloko usiku, pali windo kapena kasitolo kotsegula komwe munthu angamuone zitamuvuta? Mitengo yomwe ilipoyi mudula ingati? Akatha amakambirana mwiniwake akumva, wapampando amamanga mfundo, ndipo zimalembedwa mu kalata yomwe imayenda limodzi ndi pulani kupita kwa omwe ali ndi mphamvu yovomereza. Kawirikawiri womanga amabwerera kukakonza nkubweranso kachiwiri. Si nyumba iliyonse imapita kumeneko, kanyumba kanu ka zipinda zinayi ku Kuwadzana sakaitanira msonkhano, amatenga zikuluzikulu, za pamalo ovuta, ndi za boma.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwa mphwayi, chifukwa gululi silivomereza pulani, silikana pulani, siligwetsa nyumba, silimanga munthu. Limangolangiza. Makhansala atha kuwerenga kalata ija nkuiika pambali. Ndiye wina afunsa kuti nanga phindu lake nchiyani, ndi kungodya mabisiketi mu ofesi eti? Ine ndimaliona ngati ankhoswe, sagona mnyumbamo ndipo sangakakamize banja kuchita chomwe silikufuna, koma tsiku mlandu ukafika pabwalo aliyense amadziwa kuti ankhoswe ananena chani ndipo anakana kumva ndi ndani. Mphamvu yonse ya gululi ili pa kalata ija kukhala poyera. Ikakhala poyera, khansala wofuna kuvomereza zomwe akatswiri akana ayenera kuima nkunena chifukwa chake dzina lake likulembedwa mmaminitsi, mtolankhani ali ndi pogwira, bungwe ngati Combined Harare Residents Association kapena Harare Residents Trust lili ndi pepala lopita nalo kukhoti, ndipo wa mapulani wa khonsolo yemwe akuopsezedwa ndi bwana wina pa foni ali ndi potsamira, atha kunena kuti si ine ndekha bwana, onani zomwe alemba awa. Ikakhala ya chinsinsi, iwalani, mwangoonjezera ofesi ina yodutsamo envelopu.

Koma tisathamangire kuombera mmanja mawu oti akatswiri, ife makamaka, chifukwa mbiri ya mzinda uno tikuidziwa ndi thupi lathu. Unayamba mu 1890 ngati Fort Salisbury, dzina la Harare unalitenga mu 1982, ndipo pakati ponsepo unajambulidwa ndi anthu ophunzira bwino kwambiri. Misewu yotakata ya mtauni, majakaranda a ku Avenues, Harare Gardens, zonsezo ndi ntchito ya akatswiri. Koma akatswiri omwewo ndi amene anajambulanso komwe anakagona agogo athu atafika kuchokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia, ena wapansi ena pa magalimoto aulere onyamula ofuna ntchito otchedwa Ulere. Land Apportionment Act ya 1930 inagawa dziko potengera khungu, lamulo la 1946 la malo ogona anthu akuda mmatauni linakhwimitsanso zinthu, ndipo pulani inatsatira lamulo. Mbare, yomwe inayamba mu 1907, inapatsidwa mahositelo a Matapi, Nenyere, Matererini ndi Shawasha, omangidwira mwamuna mmodzi wopanda banja yemwe akatha mphamvu azibwerera kwawo, zimbudzi ndi mabafa zogawana. Rugare inali ya a njanji, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa zinamangidwa kuti ogwira ntchito mnyumba ndi mmagadeni a azungu akhale pafupi pongokwanira kufika kuntchito mmawa koma patali pongokwanira kuti asaoneke usiku. Mafakitale a Workington, Southerton ndi Willowvale anawaika mbali yomweyo ya malokeshoni, utsi uzipita kwa ife. Agogo ambiri sanabwerere, anakhala matchona, anabereka ana, ndipo lero mchipinda chomwe anajambulira munthu mmodzi mukugona banja lonse lotchingirana ndi nsalu. Sikuti pulaniyo inalephera, inachita ndendende chomwe anaijambulira. Ndiye ukatswiri pawokha sutanthauza chilungamo, zimatengera kuti akujambulira ndani.

Ndipo mzindawu wakula kuposa mapepala ake. Master plan yomwe takhala tikuyendera kwa zaka zambiri ndi ya kumayambiriro kwa zaka za mma 1990, pomwe kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni mchigawo cha Harare, kuphatikiza Chitungwiza ndi Epworth zomwe zili ndi makhonsolo akeake ngakhale kuti anthu ake mmawa uliwonse amakhamukira mtauni momwemuno. Mu 2023 boma linalamula makhonsolo onse kuti akonze ma master plan, ndipo ya Harare yatsopano ikuyang'ana zaka za 2025 mpaka 2045. Pulani yayikulu yotere imanena zinthu mwachidule, ntchito yeniyeni imabwera pambuyo pake sitandi ndi sitandi, msewu ndi msewu, ndipo mmenemo ndi momwe gulu la alangizi limafunika.

Malo oyamba omwe ine ndingalitume ndi kumadambo, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ambiri sitimvetsa kuti nkhaniyi ndi ya madzi akumwa osati ya mbalame. Harare inamangidwa pamtunda, pomwe mitsinje imayambira, ndipo nyanja yomwe timamwa, Chivero, yomwe damu lake linamangidwa mu 1952, ili kumunsi kwathu. Ndiye kuti pafupifupi chilichonse chomwe tataya muno, mafuta a mgalaji, zinyalala, suweji yophulika mmisewu kapena yosatsukidwa bwino ku Firle ndi ku Crowborough, chimatsika ndi Mukuvisi ndi Marimba kukalowa mu Chivero, kenako ku Morton Jaffray amachipopa, kuthira mankhwala ambirimbiri ogula ndi ndalama zakunja, nkutibwezera mmipope. Dambo ndi lomwe limaima pakati. Mvula ikagwa limamwa madzi, limawasefa mu udzu ndi mdothi, limawatulutsa pang'onopang'ono mpaka chilimwe, ndipo ena amalowa pansi kukadyetsa zitsime ndi maboholo omwe anthu ambiri mumzinda muno akudalira panopa. Ukaliphimba ndi konkire madzi aja sasowa ayi, amathamanga tsiku limodzi kupita kwa wa kumunsi, ngati mmene anthu a ku Budiriro anaonera kumapeto kwa 2023 madzi atalowa mnyumba, kenako mu Okutobala chitsime chauma. Kolera ya 2008 ndi 2009 yomwe inapha anthu oposa 4,000 mdziko muno, ndi ya 2018 yomwe inayambira ku Glen View ndi ku Budiriro, ndi nkhani yomweyi ya madzi akumwa kukumana ndi suweji.

Malamulo oteteza madambo alipo, Environmental Management Act ilipo, bungwe la boma loona za chilengedwe la EMA lilipo, ndipo Monavale Vlei, Cleveland Dam ndi Chivero zili pa mndandanda wa madambo otetezedwa pa pangano la dziko lonse la Ramsar. Koma Longcheng Plaza ija pafupi ndi National Sports Stadium inamangidwa pa dambo aliyense akuona. Chomwe chimachitika nchakuti ofesi iliyonse imayang'ana kachigawo kake, uyu za chilengedwe, uyu za misewu, uyu za mwini malo, ndipo womanga wochenjera amayenda ofesi ndi ofesi kusonkhanitsa zidindo. Gulu la alangizi ndi tebulo limodzi pomwe wodziwa za madzi, wodziwa za misewu ndi wojambula nyumba amaona pulani imodzi nthawi imodzi, ndipo wina atha kunena kuti sitandi iyi payokha siononga zambiri, koma ndi ya nambala 40 pa dambo lomweli. Ndipo tisamangoloza olemera, nafenso tili momo, chimanga chathu chija timalima mpaka mmphepete mwenimweni mwa mtsinje pomwe lamulo limati tisiye mamita 30, dothi lonse nkukokoloka kukadzaza mu Chivero. Mlangizi wanzeru sanganene kuti alekeni azilima paliponse, komanso sanganene kuti tchetchani chimanga chonse, anganene kuti jambulani pa pulani malo olima ovomerezeka poti anthuwa salima chifukwa cha masewera, ndi nsima imeneyo.

Kwachiwiri ndi mtauni, nkhani ya makombi ndi mavenda. Pitani pa Copacabana, pa Market Square kapena pa Fourth 5 koloko madzulo muone mzinda weniweni. Anthu ochuluka chonchija amalowa ndi kutuluka mtauni pa kombi, pa basi, pa mushikashika ndi wapansi, koma misewu yathu imajambulidwa ngati aliyense ali ndi galimoto yake. Mu 2020 makombi a anthu wamba analetsedwa kuti onse alowe pansi pa kampani ya mabasi ya boma ya ZUPCO, tinaona mizere yake, mu 2022 anabwerera. Mavenda nawo akhala akuthamangitsana ndi apolisi a khonsolo kwa zaka zosawerengeka, mmawa awalanda tomato madzulo abwerera pomwepo, chifukwa venda sakhala pamalo poti pamusangalatsa, amakhala pomwe pakudutsa mapazi. Ukamumangira msika wokongola kutali ndi renki sapitako, ndipo sikuti ndi mwano, ndi masamu. Kamangidwe ka mzinda kamati yamba wawerenga mapaziwo, uone komwe akuchokera ndi komwe akupita, kenako ukulitse njira ya oyenda pansi, uike matebulo, denga, mpope ndi chimbudzi pomwepo, usiye mpata woti galimoto ya ozimitsa moto ilowe. Mbare Musika inapsa mu Okutobala 2024, malo a akalipentala a ku Glen View Area 8 apsa kangapo konse, ndipo mukaona mmene mashedi amathinanirana, matabwa, guluu ndi thonje la masofa zili pamodzi popanda njira pakati, simufunikanso kuuzidwa kuti moto umayenda bwanji. Mafunso a njira, madzi ndi potulukira ndi omwe gulu lotere limayenera kufunsa msika usanamangidwenso.

Chachitatu chimandikhudza kwambiri, tinyumba ta kumbuyo. Pafupifupi aliyense wa ife anakhalapo roja kapena anasungapo maroja, ndipo mmalokeshoni ambiri kanyumba ka kuseri ndi komwe kamalipira fizi. Mu 1994 boma lenilenilo linatulutsa Statutory Instrument 216 yolola timabizinesi tina mmalo okhala anthu, anthu anamanga, anatsegula matakishopu ndi mashedi, ndiye mu Meyi 2005 kunabwera Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi mashedi zomwe linkati nzosavomerezeka. Lipoti la nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, pogwirira ntchito kapena zonse ziwiri, ndipo lipoti lomwelo linadzudzula malamulo akale a kamangidwe omwe osauka sangawakwanitse. Ena anauzidwa kuti bwererani kumudzi, nanga mdzukulu wa tchona wobadwira ku Mbare kumudzi kwake nkuti? Ambiri anakathera ku Hopley ndi ku Caledonia. Malamulo aakulu a dziko a 2013 pa gawo 74 tsopano amati nyumba ya munthu isagwetsedwe popanda chilolezo cha khoti, koma zimenezo zimangoteteza tsiku logwetsa, sizikonza muzu wake. Muzu wake ndi muyezo. Ngati muyezo ukunena zomwe anthu ochuluka sangafikire, ndiye kuti ochulukawo ndi olakwa pa lamulo kuyambira tsiku lomwe aika njerwa yoyamba. Gulu la alangizi limatha kuunikanso muyezo weniweniwo osati mapulani okha, kunena kuti lolani kanyumba kachiwiri pa sitandi bola pakhale windo, mpata wa moto ndi paipi ya suweji yokwanira. Ndipo chitsanzo chilipo kale muno, ku Dzivarasekwa Extension khonsolo inagwirapo ntchito limodzi ndi Dialogue on Shelter ndi Zimbabwe Homeless People's Federation kukonza malo anthu ali pomwepo, pang'onopang'ono, osayamba ndi kuwasamutsa.

Ndiye akhalemo ndani? Akatswiri tili nawo, a ku Institute of Architects of Zimbabwe, a ku Zimbabwe Institute of Regional and Urban Planners, mainjiniya, aphunzitsi a ku University of Zimbabwe, a Harare Wetlands Trust omwe madambo amawadziwa ndi mapazi. Njira yabwino ndi yoti mabungwewa azisankha okha anthu awo, osati meya kapena nduna kutola anzake, akhale zaka ziwiri kapena zitatu nkusinthana. Koma tebulo likadzaza ndi okhala kumpoto kwa Samora Machel okhaokha omwe sanakwerepo kombi chichokereni ku yunivesite, tidzapeza malangizo abwino kwambiri a mtundu wa matailosi ndi maluwa. Pakufunika mpando wa mayi wa pamsika, wa woyendetsa kombi, wa munthu waulumali, wa wachinyamata wa mmahositelo. Awa ndi omwe anganene zinthu zomwe sizili mbuku lililonse, monga zoti kwathu maliro amachitikira pakhomo ndipo tenti imatseka msewu masiku angapo chifukwa palibe bwalo, zoti a bungwe la maliro, a kwaya ya CCAP, a ku mzikiti ndi a gule ku Mufakose kapena ku Tafara onse amalimbirana kamalo kamodzi kopanda kanthu komwe mawa mudzamva kuti kagulitsidwa masitandi. Pa pulani kamaloko kamaoneka ngati kongotsala, kwa ife ndi pomwe mudzi umakumana.

Vuto lina ndi loti Harare ndi yaying'ono pa nkhani ya akatswiri, onse amadziwana, wolangiza lero ndi yemwe abweretse pulani yake mwezi wamawa, ndipo yemwe akumuunika ndi mnzake wa kusukulu kapena wopikisana naye pa tenda. Kwina konse lamulo lake ndi limodzi, ukakhala ndi mbali pa ntchito yomwe yabwera unene poyera ndipo utuluke mchipindamo. Zikapanda kutsatidwa, gululi limasanduka kalabu.

Pali zinanso zomwe otsutsa amanena ndipo sizabodza. Amati likuchedwetsa ntchito ndi kukweza mtengo, ndipo mu mzinda momwe kudikira chidindo ndi kale komwe kumatopetsa, kuonjezera khomo lina kutha kungokankhira anthu ambiri kumanga mozemba. Yankho lake ndi kuika masiku, pulani ikafika ionedwe mkati mwa masabata owerengeka, akapanda kukumana idutse popanda iwo. Koma chachikulu chomwe gulu lotere silingathe ndi ichi, limaona pulani yomwe yabweretsedwa. Ma land baron sabweretsa pulani. Amadula masitandi pa dambo, pa malo a sukulu, pansi pa mawaya a magetsi, amagulitsa kudzera mmakopaletivi, anthu amamanga ndi ndalama zomwe atumiza ana ku Johannesburg, ndipo khonsolo imatulukira nyumba zitafika pa denga, monga zinachitikira ku Budiriro mu Disembala 2020 pomwe nyumba zinagwetsedwa mvula ili mkati. Komishoni ya Justice Tendai Uchena inafufuza za kugulitsidwa kwa malo a boma mmatauni nkupereka lipoti mu 2019, ndipo mu 2024 kunakhazikitsidwanso ina ya Justice Maphios Cheda yofufuza kayendetsedwe ka khonsolo ya Harare. Zimenezo ndi za apolisi, makhoti ndi ndale, mlangizi wa kamangidwe alibe nazo mankhwala, ndipo aliyense wokuuzani kuti gulu la akatswiri lithetsa ma land baron akukunamizani.

Ndipo pali boma lalikulu. Ntchito zomwe zasintha nkhope ya mzinda uno posachedwa, monga misewu yodutsana pamwamba ya pa Mbudzi yomwe inatsegulidwa mu 2025 ndi dzina la Trabablas, kapena nyumba ya malamulo yatsopano ku Mount Hampden ndi mzinda watsopano womwe akufuna kumanga kumeneko, si za Town House. Pa Mbudzi paja magalimoto akuyenda bwino kusiyana ndi kale, palibe angatsutse, koma funso la gulu la alangizi likanakhala la mayi wotsika basi ya ku Beitbridge ndi katundu pamutu, awolokera pati, adikirira pati kombi ya ku Glen Norah kapena ya ku Chitungwiza, nanga omwe ankagulitsa pamenepo apita kuti. Nchifukwa chake ine njira ya ku Seattle ija imandigwira mtima, kuyamba ndi zomanga za boma lenilenilo, poti ndi zomwe zimakhala zazikulu, zimalipiridwa ndi tonse ndipo zimakhala zaka 50 osasunthika. Khonsolo yomwe ikufuna kuunika mapulani a ena iyambe yaika misika yake, marenki ake ndi makiliniki ake patebulo.

Pakadali pano kampata koti munthu wamba alankhule kalipo kale mlamulo la 1976 lija, kungoti ambiri sitikadziwa. Munthu akafuna kusintha ntchito ya malo mwanjira yofuna chilolezo chapadera, tinene nyumba yogona isanduke malo omwera mowa, sukulu, tchalitchi kapena pothira mafuta, amayenera kulengeza mu nyuzipepala ndi kudziwitsa oyandikana nawo, ndipo timalengezo timeneti ndi tija ta zilembo zing'onozing'ono kumasamba akumapeto tomwe timakulungira tomato. Mumakhala nambala ya sitandi, chomwe akufuna kuchita, komwe mungakaone pulaniyo, ndipo mumapatsidwa mwezi umodzi kuti mulembe kalata yotsutsa kapena yopereka maganizo. Kalatayo isakhale yongoti sitikufuna, inene zinthu zogwirika, madzi apita kuti, magalimoto aima pati, phokoso lifika nthawi yanji, ana a sukulu adutsa pati, ndipo musunge kope lodindidwa tsiku lomwe mwapereka. Malengezowa amatuluka mchingerezi cha maloya, pomwe gawo 6 la malamulo aakulu a 2013 limaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka mdziko muno limodzi ndi Chishona ndi Chindebele, ndiye palibe cholakwika kupempha khansala wanu kuti pa msonkhano wa wadi pulani ya dera lanu ifotokozedwe mchilankhulo chomwe agogo omwe ali ndi dzina pa nyumbayo akumva, ndipo mapu abwere nawo apachikidwe pakhoma anthu aloze okha pomwe pamadikha madzi.